Dontho lofika pamoto: mmene akatswiri amayezera madzi a timipopi tozimira moto

Kudenga kwa mahotela akuluakulu, masitolo amakono ndi nyumba zosungiramo katundu kumakhala timipopi tachitsulo tondandalikidwa m'mizere, kalikonse kali ndi kabotolo kagalasi pakati. Awa ndi ma sprinkler ozimira moto. Kampopi kotere kamatha zaka 30 kapena 40 kosatulutsa dontho ndi limodzi lomwe, koma tsiku limene moto wabuka kamayenera kugwira ntchito m'mphindi zochepa, popanda munthu wokatsegula, ndipo sikapatsidwa mpata woyeseranso kachiwiri.

Ndiye tingadziwe bwanji kuti madzi ake adzagwera pamene akufunika? Funso limeneli lasautsa mainjiniya kwa zaka zoposa 100. Kudziwa kuchuluka kwa madzi otuluka m'paipi n'kosavuta. Chovuta ndi kudziwa kumene madziwo amapita akatuluka: kukula kwa madontho ake, liwiro lawo, mbali imene alowera, ndiponso kuti ndi angati amene amapyola utsi ndi malawi n'kufika pa chinthu chimene chikuyakacho. Phindu lonse la kampopi lagona pa madzi ofika pamenepo, ndipo nkhani ya kuyeza madzi amenewa ndi nkhani ya mmene anthu adaphunzirira kusiya kungokhulupirira n'kuyamba kutsimikiza.

Kampopi kamatseguka bwanji

Henry Parmelee wa ku New Haven, m'dziko la America, adalembetsa luso la kampopi kotseguka kokha mu 1874 pofuna kuteteza fakitale yake yopanga mapiyano. Frederick Grinnell wa ku Providence adakonza kena kabwino koposa mu 1881, ndipo pofika 1896 makampani a inshuwalansi adagwirizana malamulo oyamba a kaikidwe ka timipopi. M'chaka chomwecho mudabadwa bungwe la NFPA, ndipo malamulo aja ndiwo gwero la buku la NFPA 13 limene maiko ambiri akutsatira mpaka lero. Kuyambira pachiyambi, amene ankalimbikira kuyeza anali a inshuwalansi, poti ndiwo ankalipira fakitale ikapsa.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Pakamwa pa kampopi pali chotsekera chimene chagwiridwa ndi kabotolo kagalasi kapena kachitsulo kosungunuka msanga. Mpweya wotentha ukafika kudenga, madzi a m'kabotolo amafufuma, galasi n'kuphulika, chotsekera n'kuthothoka. Mtundu wa madzi a m'kabotolomo umasonyeza kutentha kumene kamaphulikira: ofiira pa madigiri 68, achikasu pa 79, obiriwira pa 93. Kampopi kalikonse kamatseguka pakokha, kotero kuti nthawi zambiri moto umagonja ndi kamodzi kapena tiwiri basi.

Zinthu ziwiri zokhudza kampopi zidayezedwa kale bwinobwino. Choyamba ndi changu chake. M'zaka za m'ma 1970, Gunnar Heskestad ndi anzake ku bungwe la inshuwalansi la Factory Mutual (FM) adakonza njira yolowetsa kampopi mwadzidzidzi m'ngalande ya mpweya wotentha, wothamanga pa liwiro lodziwika, n'kuwerenga masekondi mpaka katseguke. Pamenepo pamatuluka nambala yotchedwa RTI. Kampopi kachangu kamakhala ndi RTI ya 50 kapena kucheperapo, pamene kanthawi zonse kamayambira pa 80 kupita m'mwamba.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa madzi. Kampopi kalikonse kali ndi nambala yake, K, yotengera kukula kwa bowo lake. Kofala kwambiri kali ndi K ya 80, kutanthauza kuti pa pulesha ya bar 1 kamatulutsa malita 80 pa mphindi. Kuti katulutse malita 160, pulesha iyenera kukwera kanayi, kufika pa bar 4. Masamu amenewa ndi odalirika, ndipo injiniya aliyense amawerengera nawo mapaipi ndi mapampu. Koma amathera pakamwa pa kampopi. Zimene zimachitika kuchokera pamenepo n'zimene zili zovuta.

Mmene madzi amaswekera

Madzi amatuluka pabowo ali mtsinje umodzi wokhuthala, n'kumenya kambale kachitsulo kamene kali kutsogolo kwake. Kambaleko kali ndi mano m'mphepete ndi mipata pakati pa manowo. Madzi oyenda pamwamba pa dzino amaponyedwa kutali cham'mbali. Madzi olowa mumpata amatsikira pafupi, cha pansi pa kampopi. Akachoka pakambale amakhala atayalika mopyapyala, kenaka amayamba kuchita mafunde chifukwa cholimbana ndi mpweya, amang'ambika kukhala timizere, ndipo timizereto timaduka kukhala madontho. Zonsezi zimatha m'kamtunda ka masentimita makumi ochepa chabe, m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso.

Chotuluka pamenepo si mvula yofanana mbali zonse. Pali malo amene madzi amachuluka, ena amachepa, motsatira dzino ndi mpata. Timikono tiwiri togwira kambale timatchinga madzi n'kusiya mbali ina yoperewera. Ngati kampopi kaimikidwa pamwamba pa paipi, paipiyo nayo imatchinga. Kupinda dzino limodzi pang'ono chabe kumasintha kumene madzi agwere pansi, mamita angapo kuchokera pamenepo.

Kuti kapangidwe ka kambale n'kofunika zidaonekera poyera m'zaka za m'ma 1950. Timipopi takale tinkaponya pafupifupi theka la madzi m'mwamba, poganiza kuti denga liyenera kunyowa kuti lisapse. Kafukufuku wa Factory Mutual adasonyeza kuti madzi onse akalunjikitsidwa pansi, atamwazika bwino, amaziziritsa mpweya wotentha ndi kufooketsa moto, ndipo denga limatetezeka ngakhale losanyowa. Kambale kadasinthidwa, ndipo kampopi kamene timaona lero kadachokera pamenepo. Madzi anali omwewo, mapaipi omwewo. Chimene chidasintha ndi njira ya madontho.

Mabeseni pansi pa kampopi

Njira yakale kwambiri yoyezera, yomwe ikugwirabe ntchito, ndi kutchera madzi m'mabeseni. Mlimi amene amawerenga mvula m'mamilimita aimva msanga, chifukwa muyeso wake ndi womwewo: milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mvula imawerengedwa pa tsiku, pamene madzi a kampopi amawerengedwa pa mphindi. Malamulo a NFPA 13 amafuna mamilimita pafupifupi 4 pa mphindi m'maofesi ndi m'malo ogona, ndipo 6 mpaka 8 m'mafakitale wamba ndi m'masitolo. Malamulo a ku Ulaya, EN 12845, amaika mamilimita 5 pa mphindi pa malo a chiopsezo chapakati. Mvula yotere itagwa kwa ola limodzi ingakhale mamilimita 300.

M'nyumba zoyesera monga za UL, bungwe limene lidayamba ku Chicago mu 1894, amakoloweka timipopi tinayi m'ngodya zinayi, n'kuyala pakati pake mabeseni 16, lililonse la masentimita pafupifupi 30 m'litali ndi m'lifupi. Amatsegula madzi kwa nthawi yoikika, kenaka amayeza zimene beseni lililonse latunga. Kampopi kamapambana ngati avereji yakwana komanso ngati palibe beseni limene latsalira kwambiri. Kuyesa kwina kumakhala kwa mzere wa mabeseni wozungulira pang'onopang'ono pansi pa kampopi kamodzi, kuti aone mmene madzi akucheperachepera kuchoka pakati kupita kunja.

Timipopi ta m'nyumba zokhalamo anthu timayesedwanso pakhoma. M'chipinda chochezera zinthu zoyaka msanga, monga makatani ndi mipando ya siponji, zimakonda kukhala m'mbali mwa khoma. Choncho kampopi kam'nyumba kamayenera kunyowetsa makoma mpaka kutsala masentimita pafupifupi 70 kuti madzi afike kudenga.

Mabeseni ndi otsika mtengo, sanama, ndipo aliyense angabwereze kuyesako n'kupeza zofanana. Koma ali ndi malire awiri aakulu. Amangonena kumene madzi agwera, osanena kuti anali madontho otani. Ndiponso kuyesako kumachitika m'chipinda chozizira, mopanda moto. Timipopi tiwiri tingadzaze mabeseni mofanana ndendende, koma pamoto weniweni kamodzi n'kuzimitsa, kena n'kulephera.

Dontho lalikulu ndi dontho laling'ono

Chifukwa chake chili m'kukula kwa madontho. Madzi amazima moto makamaka pomeza kutentha. Kilogalamu imodzi ya madzi imafuna makilojulo pafupifupi 2,260 kuti isanduke nthunzi, ndipo nthunziyo imatenga malo ochuluka nthawi pafupifupi 1,700 kuposa madziwo, n'kukankhira kutali mpweya umene moto umapuma. Koma kutentha kumalowa m'dontho kudzera pakhungu lake. Lita imodzi ikasweka kukhala madontho a milimita imodzi, pamatuluka madontho pafupifupi 1.9 miliyoni, ndipo khungu lawo lonse pamodzi limakwana masikweya mita 6. Lita yomweyo ikasweka kukhala timadontho tochepa kakhumi, khungu limafika masikweya mita 60. Timadontho tating'ono, motero, timaziziritsa mpweya mofulumira kwambiri.

Vuto lake n'lakuti timadontho tating'ono tilibe mphamvu yotsika. Dontho la mamilimita 2 likamagwa mumpweya wodekha limafika liwiro la mamita pafupifupi 6.5 pa sekondi. La milimita imodzi limafika mamita 4. Kadontho ka gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita sikakwanitsa ngakhale theka la mita pa sekondi. Koma moto waukulu wa m'nyumba yosungiramo katundu umaponya mpweya wotentha m'mwamba pa liwiro loposa mamita 10 pa sekondi. Timadontho tating'ono tikakumana ndi mpweya wotere timabwezedwa kudenga, kapena timauma tisanafike. Ofika pa katundu woyaka ndi madontho akuluakulu okha, kapena madzi oponyedwa pansi ndi mphamvu yoposa ya motowo.

Choncho kampopi kabwino kamafuna mitundu yonse iwiri, ndipo kachulukidwe kake kamatengera ntchito. Timadontho tating'ono timaziziritsa denga, kuteteza zitsulo zogwira nyumba kuti zisapindike ndi kuletsa timipopi takutali kutseguka pachabe. Madontho akuluakulu amanyowetsa chimene chikuyaka ndi katundu woyandikana nacho. Pofotokoza kusakanikirana kumeneku akatswiri amagwiritsa ntchito muyeso wapakati, Dv50: kukula kwa dontho kumene kumagawa madzi onse pawiri, theka lili m'madontho ochepera pamenepo, theka m'madontho oposa. Pa timipopi tambiri muyesowu umakhala cha m'dera la milimita imodzi.

Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1970 adapeza lamulo limene limadabwitsa anthu ambiri. Pulesha ikakwera, madontho amachepa msinkhu. Ikakwera kasanu ndi katatu, madzi otuluka amachuluka pafupifupi katatu, koma dontho lapakati limatsika kufika pa theka. Bowo likakula, madontho amakulanso. Tsono munthu amene akuganiza kuti kuwonjezera pulesha ndiko kuwonjezera chitetezo angathe kupeza madzi ochuluka mlengalenga koma ochepa pamoto. N'chifukwa chake timipopi ta m'nyumba zazitali zosungiramo katundu tili ndi mabowo aakulu, a K 200, 240 mpaka 360, kuti titulutse madzi ambiri a madontho olemera popanda kukweza pulesha mopyola.

Timadontho tating'ono natonso tili ndi ntchito yawo. Pangano la ku Montreal la 1987 litaletsa mpweya wa halon, ndiponso sitima yapamadzi ya Scandinavian Star itapsa mu 1990, padakula luso lozimira moto ndi nkhungu ya madzi, imene pafupifupi madzi ake onse amakhala m'timadontho tosakwana milimita imodzi. M'chipinda chotsekeka cha injini nkhunguyo imadzaza paliponse, n'kusanduka nthunzi, moto n'kubanika. Pamalo otseguka a denga lalitali njira yomweyo imavutika.

Kuyeza moto ukuyaka

Kusakwanira kwa mabeseni ozizira kudaonekera pamene kasungidwe ka katundu kadasintha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 makampani adayamba kusanja katundu m'mashelefu atali mamita ambiri, ndipo katundu wambiri adayamba kukhala wa pulasitiki. Mipata ya pakati pa mashelefu imakoka mpweya, moto n'kukwera mofulumira koopsa. Mu 1982 nyumba yaikulu yosungiramo katundu ya Kmart ku Falls Township, m'chigawo cha Pennsylvania, idapsa yonse ngakhale inali ndi timipopi. Zitini zopopera zinkaphulika n'kuuluka zikuyaka, moto n'kufalikira kuposa mmene timipopito tidakonzedwera.

Akatswiri a Factory Mutual, motsogozedwa ndi Cheng Yao, adaika nkhaniyi m'miyeso iwiri. Woyamba, RDD, ndi madzi amene katundu wina wake amafuna pamwamba pake kuti moto ugonje. Amaupeza poyatsa mulu wa katundu woyeserera, monga makatoni odzaza makapu a pulasitiki, n'kuthira madzi odziwika kuchuluka kwake mwachindunji pamwamba pa muluwo. Wachiwiri, ADD, ndi madzi amene amafikadi pamenepo kuchokera kudenga moto ukuyaka. Poyeza umenewu amayala mabeseni mofanizira pamwamba pa mashelefu, pamodzi ndi mipata yake, n'kuyatsa pakati pake moto wa mafuta a heptane umene angathe kuukuza kapena kuuchepetsa mmene afunira. Mabeseniwo amaziziritsidwa kuti madzi otungidwa asaume, kenaka amayeza zimene zapyola malawi.

Miyeso iwiriyi imayenda mosemphana. Moto ukamakula, madzi ofunika amakwera, pamene madzi ofika amatsika, chifukwa mpweya wokwera uja ukunka nulimba. Pali nthawi yochepa pachiyambi pamene ofika amaposa ofunika. Kampopi kakatseguka nthawi imeneyo, moto umazimiratu. Kakachedwa, kangathe kungouletsa kufalikira mpaka ozimitsa moto afike. Maganizo amenewa ndiwo adabala timipopi ta ESFR kumapeto kwa zaka za m'ma 1980: totseguka msanga, ta bowo lalikulu, toponya madzi ambiri molunjika pansi.

Kuyatsa moto weniweni kudaululanso khalidwe lina limene beseni silikanasonyeza. Timadontho totengedwa ndi mpweya wotentha timatha kukanyowetsa kabotolo ka kampopi koyandikana, n'kukaziziritsa, kotero kuti sikatseguka pamene timipopi takutali tatseguka kale. Pamatsala malo ouma pafupi ndi moto penipeni. Pa chifukwa chofanana ndi chimenechi malamulo amaletsa kuika timipopi wamba moyandikana kuposa mamita 1.8.

Kuwala kwa laser ndi makamera

Kuyatsa mashelefu odzaza katundu, monga amachitira pa malo ofufuzira a Factory Mutual ku West Glocester, m'chigawo cha Rhode Island, kumadya ndalama zambiri, ndipo kuyesa kumodzi kumayankha funso limodzi. Kuti amvetse chifukwa chimene kampopi kena kapambanira, ofufuza adayenera kuona madontho enieniwo ali m'ulendo.

Njira imodzi imadutsanitsa mizere iwiri ya kuwala kwa laser. Dontho likadutsa pa mphambano yake limamwaza kuwalako, ndipo zipangizo zoikidwa pambali zimawerenga kuthwanimako. Kufulumira kwa kuthwanima kumapereka liwiro la dontho, pamene kusiyana kwa nthawi imene kuwala kwafikira pa chipangizo china ndi chinzake kumapereka kukula kwake. John Widmann adagwiritsa ntchito njirayi pa timipopi ku NIST, bungwe la boma la America loona za miyeso. Ndi yolondola kwambiri, koma imayeza kadera kochepetsetsa nthawi imodzi, ndipo imaganiza kuti dontho lililonse ndi lobulungira, pamene madontho akuluakulu amaphwatalala ndi kugwedezeka akamauluka.

Njira yachiwiri imawalitsa laser mopyapyala modula madzi owazikawo, kamera n'kujambula zithunzi ziwiri motsatizana kwambiri. Kompyuta ikayerekeza zithunzizo imaona mtunda umene madontho asuntha, n'kupereka liwiro lawo pamalo aakulu nthawi imodzi. David Sheppard, pa kafukufuku wake ku Northwestern University amene adamaliza mu 2002, adayeza timipopi tamitundumitundu mwa njirayi, ndipo adasonyeza kuti liwiro ndi kuchuluka kwa madzi pafupi ndi kampopi zimasintha kwambiri munthu akangosuntha pang'ono mozungulira kambale.

Njira yachitatu imajambula mithunzi. Kuwala kumaikidwa kumbuyo kwa madzi, kamera kutsogolo, ndipo dontho lililonse limaoneka ngati kadontho kakuda. Pa zithunzi ziwiri zotsatizana munthu amapeza kukula, maonekedwe ndi liwiro pamodzi, ngakhale dontho likhale lopindika. Gulu la Andre Marshall ku University of Maryland lidapita nayo patsogolo njirayi pokonza makina ozungulitsa kampopi, n'kumayeza mbali iliyonse, m'mwamba, m'munsi ndi mozungulira, pa mtunda wochepa kuchokera pakambale pamene madzi angomaliza kusweka. Chotuluka ndi mapu a kampopi: pa ngodya iliyonse, madzi ochuluka bwanji, madontho aakulu bwanji, othamanga bwanji.

Kusankha kuyeza pafupi ndi kampopi kuli ndi nzeru yake. Zimene zimagwera pansi zimasintha ndi kutalika kwa denga, mphepo ndi moto. Zimene zimachoka pakambale ndi khalidwe la kampopi pakokha. Munthu akadziwa chiyambi chimenechi angathe kuwerengera ulendo wonse wotsalawo pa denga lililonse.

Pamene kompyuta imalowerera

Amene amawerengera ulendowo ndi mapulogalamu a kompyuta. NIST idatulutsa pulogalamu ya FDS mu 2000, ndipo Factory Mutual ili ndi yake yotchedwa FireFOAM. Mapulogalamuwa amagawa chipinda m'timabokosi mamiliyoni, n'kutsatira mpweya, kutentha ndi magulu a madontho sekondi ndi sekondi. Koma sangadziwe okha mmene madzi amaswekera pakambale kena kake. Amayenera kuuzidwa. Akapatsidwa nambala zongoganizira, amatulutsa zithunzi zokongola za chinthu chimene sichidzachitika. N'chifukwa chake mapu a kampopi aja ali ofunika, ndipo n'chifukwa chakenso mabeseni sadatayidwe: kompyuta ikalosera kumene madzi agwere, beseni ndilo limaweruza ngati yalondola.

Kugwirizana kwa kuyesa ndi kompyuta kudaoneka pambuyo pa ngozi ya ku The Station, malo achisangalalo a ku West Warwick, Rhode Island, kumene moto wa pa 20 February 2003 udapha anthu 100. M'nyumbamo munalibe timipopi. Ofufuza a NIST adamanga chifaniziro cha nsanja ya oimba, pamodzi ndi siponji yomatidwa kukhoma imene idayamba kuyaka, n'kuchiyatsa kopanda timipopi, kenaka chili ndi timipopi. Popanda timipopi, mpweya udafika poti munthu sangapulumuke m'masekondi pafupifupi 90. Ndi timipopi, moto udagonja ndipo mpweya wa pa msinkhu wa munthu udakhalabe wopumika. Kompyuta itawerengera nyumba yonse idapeza zofanana.

Komabe mafunso ena adakali otseguka. Ulendo wa dontho mumpweya ukumveka bwino tsopano, koma zimene limachita likagwera pa katoni, kulowa mkati, kutsetsereka m'mbali, kudontha kuchoka pa shelefu ina kupita pa inzake, n'zovuta kuziwerengera. Kuyeza madontho mkati mwa malawi ndi utsi n'kovutanso, chifukwa utsi umaphimba kuwala kumene zipangizo zimadalira. Ndipo katundu akusintha msanga kuposa kafukufuku: mabatire a lithium-ion amene amadziyatsa okha kuchokera mkati, ndi nyumba zimene maloboti amasanja makireti a pulasitiki mothithikana popanda mpata woti madzi atsike. Pa zifukwa zimenezi mabungwe ovomereza timipopi sadasiye kuyatsa moto weniweni, ndipo akuchita bwino. Kompyuta ichepetse chiwerengero cha kuyesa kodula, koma pamene pali miyoyo ya anthu, mawu omaliza akhale a moto weniweni.

Zimene mwini nyumba angawononge

Miyeso yonseyi imayenda ndi kampopi kulikonse kumene kagulitsidwa. Timipopi tambiri toikidwa m'nyumba za kum'mwera kwa Africa timabwera kuchokera kunja tili ndi chizindikiro cha UL, FM kapena LPCB ya ku Britain, ndipo ku South Africa kuli bungwe la ASIB limene limayendera kaikidwe kake. Chizindikirocho ndi lonjezo lokhala ndi malire: kampopi aka kadzawaza madzi motere ngati kapatsidwa pulesha yakuti, pa denga lakuti, pamwamba pa katundu wakuti. Chimodzi mwa zimenezi chikasintha, lonjezo latha.

Zimene zimalithetsa ndi zinthu za tsiku ndi tsiku. Wopaka penti akapaka kampopi pamodzi ndi denga, kabotolo kamachedwa kumva kutentha ndipo mipata ya kambale imatsekeka. Kampopi kotere sikatsukidwa, kamachotsedwa n'kuikapo kena. Katundu akasanjidwa mpaka kudenga, madzi amasowa malo oti afunyululuke, ndiye chifukwa chake malamulo amafuna mpata wa masentimita osachepera 45 pansi pa kampopi wamba. Nyali, chikwangwani kapena paipi ya mpweya yoikidwa pambuyo pake imasiya malo ouma pansi. Nyumba imene idakonzedwera matumba a chimanga ikayamba kusunga matiresi a siponji kapena matayala, madzi ofunika amakwera kwambiri pamene timipopi tili tomweto.

Palinso nkhani ya madzi enieniwo. Pa malamulo a EN 12845, sitolo wamba imawerengeredwa mamilimita 5 pa mphindi pa masikweya mita 216 kwa ola lathunthu. Amenewo ndi malita 1,080 pa mphindi, kapena malita pafupifupi 65,000 onse pamodzi. Kumene madzi a m'tauni amaduka ndipo magetsi amazima, pamafunika thanki yakeyake ndi pampu ya dizilo imene imalizidwa kawirikawiri kuti aone ngati ili bwino. Pulesha ikatsika kwambiri, madzi samwazika mmene adayezedwera, amangogwera pafupi ndi kampopi n'kusiya mipata youma pakati.

Ziwerengero za NFPA za ku America zimasonyeza kuti timipopi timatseguka pa moto woposa 9 mwa 10 iliyonse imene yakula mokwanira, ndipo tikatseguka pafupifupi nthawi zonse timaugonjetsa. Pamene talephera kutseguka, chifukwa chachikulu chimakhala chakuti wina adatseka valavu moto usanayambe. Maiko ena aona umboniwu n'kuchitapo kanthu. Wales idalamula timipopi m'nyumba zatsopano zonse zokhalamo kuyambira 2016, ndipo England, pambuyo pa moto wa ku Grenfell Tower umene udapha anthu 72 mu 2017, idalamula mu 2020 kuti nyumba zatsopano zogonamo zopitirira mamita 11 zikhale nato.

Ofufuza achita mbali yawo. Adziwa dontho limene limapyola malawi, adziwa nthawi imene liyenera kufika, ndipo akudziwa pamene chidziwitso chawo chathera. Mbali yotsala ili m'manja mwa amene amamanga, kugula, kuchita lendi ndi kuyang'anira nyumba. Iwowa ayenera kufunsa mafunso anayi, ndi kufuna mayankho olembedwa: timipopi timeneti tidavomerezedwera katundu wotani, kodi ndi katundu amene ali m'nyumbamu lero, pampu idayesedwa liti, ndipo ndani amaonetsetsa kuti valavu ndi yotsegula. Alonda ausiku, ogulitsa m'sitolo ndi alendo ogona m'hotela alibe njira yodzifunsira zimenezi, ndipo ndiwo amakhala mkati moto ukabuka.